Asasiye mankhwalawo pa tsiku la 10

Achemwali, mwati mng'ono wanu wa ku Lizulu anamupeza ndi matenda okhumudwa, anamupatsa amitriptyline, wamwa masiku 10 koma akungogona, kukamwa kukuuma, mtima sunapepuke, ndiye akufuna kusiya. Mwafunsanso ngati n'zoona kuti mu ubongo mwake "mwatha serotonin", komanso ngati angakayezetse magazi kuti zioneke.

Asasiye. Zimene akumvazo ndi mmene mankhwalawa amayambira, ndipo chifukwa chake chili mu ubongo momwemo.

Maselo a mu ubongo sagundana. Pakati pa selo ndi linzake pamakhala kampata kakang'ono zedi, ndipo uthenga umawoloka kampatako ndi timadzi timene selo loyamba limatulutsa. Timadzi timeneti tilipo ta mitundu ingapo. Serotonin amakhudza tulo, chilakolako cha chakudya ndi kukhazikika kwa mtima. Noradrenaline amadzutsa thupi kuti munthu akhale tcheru. Dopamine ndi amene amachititsa kuti munthu afune chinthu, adzuke, achitsate. Uthenga ukawoloka, selo lija limayamwanso timadzi totsala. Amitriptyline amatseka kuyamwako, motero serotonin ndi noradrenaline amakhalitsa pakampata paja. Zimenezi zimachitika m'maola ochepa munthu akangomwa piritsi loyamba. Koma kupepuka mtima kumadikira kuti maselo azolowere, asinthe mmene amalandirira uthenga ndi mmene amalumikizirana, ndipo ntchito imeneyo imatenga milungu 2 mpaka 4, kwa ena 6. Vuto n'lakuti piritsi lomweli limagundanso malo ena, olandirira timadzi tina totchedwa histamine ndi acetylcholine, ndipo kumeneko silichedwa. Tulo tambiri, kuuma kukamwa, kudzimbidwa ndi chizungulire podzuka zimachokera kumeneko. Zowawa zimafika msanga, phindu limabwera m'mbuyo, n'chifukwa chake ambiri amasiya mlungu wachiwiri n'kumati mankhwala sanagwire.

Za "kutha serotonin" musazitenge ngati mafuta atha m'galimoto. Mu 2022 gulu lotsogoleredwa ndi Joanna Moncrieff wa ku University College London linaunikanso kafukufuku wa zaka zambiri ndipo silinapeze umboni wokwanira wakuti matendawa amayamba chifukwa serotonin wachepa. Mankhwala amathandizadi anthu ambiri, makamaka amene matenda awakula, koma panado akaletsa mutu sitinena kuti mutu unawawa chifukwa m'thupi munalibe panado. Kuyeza serotonin m'magazi kulibenso phindu, popeza pafupifupi 90 peresenti ya serotonin wa m'thupi amapangidwa m'matumbo ndipo salowa mu ubongo. Wina akakuuzani kuti makina ake aona kuchepa kwa timadzi ta mu ubongo ndipo mugule mankhwala ake, sungani ndalama zanu. Kuchipatala amafunsa mafunso, nthawi zambiri 9 a PHQ-9, onena za milungu 2 yapitayo.

Zoyenera kuyezetsa ndi zina: kuchepa magazi, shuga, HIV, ndi chithokomiro ngati n'kotheka, chifukwa zonsezi zingafooketse munthu mofanana ndi kukhumudwa. Ngati wabereka kumene anene, poti mahomoni a mimba amatsika mwadzidzidzi mwana akabadwa.

Chimene anthu amachiiwala ndi cortisol, homoni yochokera m'tiziwalo ta pamwamba pa impso. Imatuluka munthu akapanikizika. Kwa tsiku limodzi ndi yothandiza. Koma ngongole ya kubanki m'khonde ikamusowetsa tulo miyezi, kabichi atagwa mtengo pamsika, kapena pakhomo pali nkhanza, cortisol satsika, tulo timasokonekera, ndipo mbali za ubongo zosunga zinthu ndi kulamulira maganizo zimafooka. Ndiye amene akuti "ndi mavuto chabe" ndi amene akuti "ndi ubongo" akunena chinthu chimodzi. Piritsi silibweza ngongole, n'chifukwa chake uphungu wokhala pansi n'kumasula vuto limodzilimodzi, monga wa Friendship Bench umene unayambira ku Zimbabwe, umayendera limodzi ndi mankhwala.

Kamwedwe kake: amitriptyline amamwa usiku, kuyambira 25 mg, ndipo adokotala amakweza pang'onopang'ono, kawirikawiri kufika 75 mg kapena kuposa. Munthu akakhala pa 25 mg miyezi osabwerera kuchipatala, mlingowo umangomugoneka osachiza. Iye yekha asakweze. Azimwa madzi pafupipafupi, podzuka akhale kaye pamphasa kapena pabedi asanaimirire. Tulo ta masana tikapitirira, akafunse namwino wa matenda a maganizo kuchipatala chachikulu ku Ntcheu ngati angamusinthire fluoxetine, amene amamwa m'mawa, 20 mg. Akayamba kupeza bwino apitirize miyezi yosachepera 6, ndipo posiya amatsitsa pang'onopang'ono. Kachasu ndi chamba ayi. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo m'bandakucha, ndipo ukaphatikana ndi amitriptyline umaledzeretsa koopsa. Azidzuka nthawi imodzi tsiku lililonse, aone dzuwa, ayende mphindi 30 ngakhale mpaka kudimba, asadikire kuti mtima ufune kaye.

Ngati anakhalapo masiku angapo osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, akulankhula osapuma ndi kumwaza ndalama, muwauze adokotala. Amenewo angakhale matenda ena, a bipolar, amene mankhwalawa paokha amawautsa.

Mapiritsiwo muzisunga inuyo kapena amayi, muzimupatsa a tsikulo okha, chifukwa amitriptyline wambiri nthawi imodzi amasokoneza kugunda kwa mtima mpaka kupha. Tameki ndi mankhwala opopera mbatatesi kapena tomato muwatsekere kwina. Mumufunse mosazungulira ngati amaganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akavomera, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika, musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo osadikira deti ya m'buku lake.