Mabedi okwera a ndiwo zamasamba: zoti mutengeko ndi zoti musiye

Mayi wina wa ku Lilongwe watilembera pa imelo. Anaona pa YouTube anthu akulima masamba m'mabokosi a matabwa odzaza dothi logula, mbewu zitathithikana, ndipo akufuna kuyesa. Malo awo ndi a mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi kuseri kwa nyumba, dothi lake ndi katondo, madzi ndi a pampopi olipira. Akufunsa ngati agule matabwa n'kutsatira zonse monga anazionera.

Mayi, matabwawo musagule. Ulimiwu ndi wabwino zedi, koma chimene chimabereketsa si bokosi ayi. Unatchuka ndi alimi a m'mbali mwa mzinda wa Paris ku France m'zaka za m'ma 1800, amene ankadalira ndowe za akavalo. Katswiri wa za madimba wa ku England, Alan Chadwick, anayambitsa dimba lotere ku Santa Cruz ku California, ku America, mu 1967, kenako John Jeavons wa ku America komweko anafalitsa ulimiwu kudzera m'bungwe la Ecology Action. Kumaiko ozizira amakweza bedi kuti dothi lifunde msanga chisanu chikatha, komanso kuti madzi asadikhe. Kwathu kuno kufunda si vuto. Mu Okutobala bedi lokwera limauma m'mbali dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo matabwa chiswe sichichedwa nawo. Kuwapaka oyilo wakuda wa galimoto n'kuthira poizoni pamalo olima chakudya.

Zoyenera kutengako n'zakuti pabedi pasapondedwe, dothi lifewe mozama, manyowa achuluke, ndipo mbewu zithinane mpaka masamba aphimbe nthaka. Zina zonse muzisinthe potengera dothi ndi nyengo.

Pamalo anuwo pakwana mabedi atatu a mita 1.2 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali, tinjira ta masentimita 50 pakati. Muyezo wa 1.2 si lamulo: gwadani panjira, tambasulani dzanja, pomwe lafika ndiye pakati pa bedi. Ngati bedi lagundana ndi mpanda, lisapitirire masentimita 60, chifukwa mudzalifikira mbali imodzi yokha.

Ntchito yaikulu ili pa kukumba koyamba. Katondo wolimidwa ndi khasu zaka zambiri amalimba pansi pomwe khasu limalekezera, ndiye mizu imakhota, madzi osalowa. Kumbani ngalande yodutsa bedi, kuya masentimita 30 ndi m'lifupi chimodzimodzi, dothilo muike m'wilibala. Pansi pa ngalandeyo takasani ndi foloko yolimira kapena piki masentimita enanso 30, koma osatembenuza. Kumbani ngalande yachiwiri moyandikana, dothi lake mukwiririre yoyambayo, n'kumapita choncho mpaka kumapeto, komwe muthire la m'wilibala lija. Dothi lofiira lapansi lisabwere pamwamba, mulibe chonde. Thirirani malowo dzulo lake kuti pakhale chinyezi chabe. Katondo mukamukumba ali matope amauma zibuma zovuta kuphwanya. Ngati simupondapo, kukumba kotere ndi kwa kamodzi, zaka zotsatira n'kungotakasa pamwamba.

Manyowa thirani ndowa imodzi ya malita 20 pa sikweya mita iliyonse, kutanthauza ndowa zisanu pa bedi, musakanize ndi dothi la pamwamba masentimita 10. Ulendo woyamba wirikizani kawiri. Akhale owolerana, akuda, osanunkha. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbande. Apa ndi pamene ambiri amagwa: amathinanitsa mbewu koma manyowa osabwezera akakolola, ndiye ulendo wachitatu repu amatuluka wachikasu, timasamba ting'onoting'ono.

Tsopano za kutalika kwa bedi, komwe kuli gwero la funso lanu. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, kokerani dothi la m'tinjira pabedi kuti likwere masentimita 15 mpaka 20, m'mbali motsetsereka pang'ono kuti mvula isagumule. Mvula ikatha lisalazeni lifanane ndi nthaka, muzungulize kamzera ka masentimita 10 kotchinga madzi. A dothi la mchenga, monga kumadera a kunyanja, m'chilimwe alowetse bedi pansi masentimita 10. A kudambo, komwe madzi amadikha, akweze mpaka 30. Bokosi limafunika pokhapokha ngati pabwalo ndi pamwala kapena pa simenti, ndipo pamenepo mangani ndi njerwa, kuya masentimita osachepera 30, musiye timipata pansi totulukira madzi.

Powokera, musatsate mizere yoyang'anizana. Mbande ya mzere wachiwiri igwe pakati pa ziwiri za mzere woyamba, ngati mafuwa. Repu, mpiru ndi chayinizi zitalikirane masentimita 30, anyezi 10, kabichi 45, karoti mupatulire pa 5. Bonongwe ingowazani, muzidzazula wina kukadya pamene akukula. Tomato yekha ndiye musamupanikize: masentimita 60, mumangirire ku timitengo, muchotse masamba apansi. Nthawi ya mvula onjezerani mpata pa mbewu zonse, chifukwa masamba othinana sauma msanga ndipo chiwawu chimafala mofulumira. Ziwerengero za m'mavidiyo zambiri sizinaganizire mvula ya Januwale ya kuno.

Madzi muwawerengeretu popeza ndi olipira. Kukatentha, sikweya mita imodzi imamwa malita 5 kapena 6 patsiku, choncho bedi limodzi lifuna makeni atatu a malita 10, mabedi onse pafupifupi malita 90. Phimbirani ndi udzu wouma wopanda njere, wochindikala masentimita 5, osagunditsa ku tsinde, ndipo thirirani m'mawa kapena madzulo. Pisani chala m'dothi musanathirire. Ngati pansi pali chinyezi, dikirani. Ngati bilu ikuopsa, m'miyezi yotentha limani mabedi awiri, lachitatu mulifunditse udzu lipume.

Repu, mpiru, chayinizi ndi kabichi ndi banja limodzi, nsabwe ndi matenda awo ndi amodzi, ndiye kusinthanitsa zimenezi si kasinthasintha. Bedi limene munali masambawa mubzalemo nyemba, kenako tomato, kenako anyezi. Mukazula tomato kapena therere n'kupeza mizu yotupa timibulu, muli tizilombo ta m'nthaka. Zulani ndi mizu yomwe, tenthani, osaponya pa kompositi, ndipo bedi limenelo mubzalemo chimanga chachiwisi musanabwezeremo tomato.