Kodi kunyengerera masapota a chipani china pa kampeni ndi nzeru kapena kungotaya nthawi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amawerenga blog ino ali ku Johannesburg, ndipo funso lawo mwachidule ndi ili: "Ine ndi anzanga kuntchito takhala tikukangana. Kodi munthu wofuna upulezidenti akuchita bwino akamathera nthawi kukopa anthu a chipani chotsutsana naye, aja osaumirira kwambiri pachipani, ngati momwe anachitira Kamala Harris wa Democrat ku America mu 2024 poyenda ndi Liz Cheney, phungu wakale wa Republican? Anzanga akuti zimenezo ndi zomwe zinamugwetsa. Nanga kumudzi ndi 50+1 ija, si zofunika kuchita chimodzimodzi?"

Zikomo achimwene, funsoli ndi labwino zedi. Yankho langa ndi lakuti inde ndi nzeru, ndipo kwathu kuno panopa palibenso kuchitira mwina, koma anthu andale ambiri amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, kukopa ovota a mbali inayo ndi kukopa mabwana a mbali inayo. Choyambacho chimapambanitsa chisankho. Chachiwiricho nthawi zambiri chimangokongoletsa nsanja pamsonkhano basi.

Tiyambe ndi ku America komwe mwatchulako. Kumeneko wopambana si amene wapeza mavoti ambiri dziko lonse ayi, amawerenga state ndi state, ndiye nkhondo yeniyeni imakhala m'ma state ochepa omwe amagwera uku ndi uku ngati Pennsylvania, Michigan, Wisconsin, Georgia, Arizona. Mu 2016 mkulu wina wa ma Democrat, Chuck Schumer, ananena poyera kuti akataya munthu mmodzi wogwira ntchito zamanja kumadzulo kwa Pennsylvania apeza ma Republican awiri apakatikati m'madera ozungulira Philadelphia. Masamu amenewo sanatheke. Hillary Clinton anagonja ku Pennsylvania, Michigan ndi Wisconsin ndi mavoti osakwana 80,000 mukaphatikiza ma state onse atatu, ndipo anthu omwe anawataya anali awo enieni, a m'mafakitale omwe akhala akuvotera ma Democrat kuyambira makolo awo. Chimene chimandipweteka pa mawu a Schumer aja ndi chakuti anawerengera anthu ake ngati katundu woti utha kusinthanitsa, ndipo munthu akamva kuti wamuika pamsika sakuiwala.

Koma musathamangire kunena kuti ndiye njirayi ndi yolakwika, chifukwa mu 2020 Joe Biden anachitanso zofanana ndipo zinamuyendera. John Kasich, yemwe anali gavanala wa Republican ku Ohio, analankhula pamsonkhano waukulu wa ma Democrat, mkazi wa malemu John McCain, yemwe anali seneta wa Republican ku Arizona, anaikira kumbuyo Biden, ndipo Biden anatenga Arizona ndi mavoti ongopitirira 10,000, Georgia ndi osakwana 12,000. Pampikisano wothina choncho anthu ochepa owoloka kuchokera mbali inayo ndi omwe amagamula. Kusiyana kwake ndi kwakuti nthawi imeneyo anthu anali atatopa ndi momwe Trump ankayendetsera nkhani ya Covid, ndiye chifukwa chowolokera anali nacho kale m'mitima mwawo, a Kasich anangowauza kuti palibe manyazi kutero.

Tsopano ya Harris. Pa 3 October 2024 anapita ndi Liz Cheney ku Ripon ku Wisconsin, tauni yomwe imadziwika kuti ndi komwe chipani cha Republican chinabadwira, kenaka anayendanso limodzi ku Pennsylvania ndi Michigan. Apa ndi pomwe ndikufuna muwauze anzanu aganizire bwino. Liz Cheney ameneyu zaka ziwiri m'mbuyomo, mu 2022, ma Republican a kwawo ku Wyoming anali atamukana kale pa mapulaimale, anapeza mavoti osakwana 30 peresenti. Ndiye munthu amene anthu a chipani chake eni ake amuchotsa, angabweretse ndani? Kafukufuku wofunsa anthu akangotuluka movotera anaonetsa kuti ma Republican omwe anavotera Harris anali pafupifupi 5 pa 100 aliwonse, osaposa omwe anavotera Biden. Pamwamba pa zimenezo dzina la Cheney limakumbutsa anthu ambiri nkhondo ya ku Iraq ya 2003, bambo ake Dick Cheney ali wachiwiri kwa pulezidenti, ndiye mumzinda ngati Dearborn ku Michigan komwe kuli Aluya ndi Asilamu ambiri, omwe anali okwiya kale ndi za ku Gaza, kuona Harris akuyenda ndi banja limenelo kunali ngati kuwanyoza. Trump anapambana ku Dearborn, malo omwe Biden anawatenga mosavuta mu 2020.

Komabe kunena kuti Cheney ndiye anagwetsa Harris ine sindikuvomereza. Mayiyu analowa mpikisano mochedwa, Biden atasiya pa 21 July, ndipo anali wachiwiri kwa pulezidenti m'boma lomwe zinthu zinakwera mitengo kwambiri, mu June 2022 kukwera mitengo kunafika 9.1 peresenti, zomwe aku America anali asanazione kwa zaka 40. Chaka cha 2024 chinali choipa kwa zipani zolamula m'maiko ambiri, ma Conservative anagwa ku Britain, BDP inagwa ku Botswana italamula kuyambira 1966, ku Ghana nakonso chimodzimodzi. Ndipo ngakhale Harris anapeza mavoti pafupifupi 75 miliyoni pomwe Biden anapeza 81 miliyoni, ku Wisconsin ndi Georgia iye anapeza mavoti ochuluka kuposa a Biden, kungoti a Trump anakwera kuposa pamenepo. Ndiye nkhani yoti masapota ake anangokhala kunyumba chifukwa chokwiya ndi Cheney sikufotokoza zonse.

Chomwe anthu ambiri sachiona ndi chakuti amene anakopa bwino anthu a mbali inayo mu 2024 anali Trump. Anapita ku Las Vegas kukauza ogwira ntchito m'mahotela ndi m'malesitilanti kuti ndalama zomwe makasitomala amawapatsa ngati zikomo sizidzadulidwanso msonkho, ndipo anatenga Nevada, koyamba kwa Republican kuchokera 2004. Anakhala maola atatu pa podcast ya Joe Rogan kulankhula ndi anyamata omwe sawerenga nyuzipepala. Kumalire a Texas ndi Mexico anapambana ku Starr County, dera la anthu olankhula Chisipanishi lomwe linali lisanavotere Republican kwa zaka zoposa 100. Kaya munthuyo mumamukonda kaya ayi, onani kusiyana kwake, iye anapita kwa ovota eni ake ndi nkhani ya m'thumba mwawo, pomwe Harris anawatumizira munthu wotchuka ndi uthenga wa demokalase umene unali wofunika ndithu koma sunali womwe unkawasowetsa tulo.

Tibwere kumudzi. Kale malamulo athu ankalola munthu kulowa ku State House ndi anthu akwawo okha komanso tina tapambali, a Peter Mutharika anapambana 2014 ndi 36.4 peresenti, ndipo 2019 analengezedwa ndi 38.57 peresenti pomwe a Lazarus Chakwera anali ndi 35.41 ndi a Saulos Chilima 20.24. Khoti litathetsa chisankho chimenecho pa 3 February 2020 ndi kunena kuti wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti, masewera onse anasintha. Palibe chigawo chomwe pachokha chingakupatseni 50+1, kaya chakumwera kaya chapakati, ndipo chakumpoto ngakhale chili ndi anthu ochepa chasanduka chofunika kwambiri. Ndiye kwathu funso si lakuti uwoloke kapena ayi, funso ndi lakuti uwoloka bwanji.

Ndipo ife matenda okopa mabwana aja tili nawo kwambiri kuposa aku America. Kampeni ikayandikira mumaona pamsonkhano uliwonse akulandira khansala wakale, phungu wakale, gavanala wa chipani china, kumuveka nsalu, azimayi kuimba, nkumati wabwera ndi anthu ake masauzande. Anthu akewo ali kuti? Tsiku lovota sawoneka. Taonani masamu a 2020, a Atupele Muluzi anapeza 4.67 peresenti mu 2019, mukaphatikiza ndi a Mutharika zimapitirira 43, koma ataima limodzi pa 23 June 2020 anapeza 39.4 peresenti basi. Ndikudziwa kuti manambala a 2019 anali a tippex ndipo khoti linawakana, komanso anthu ovota anachepa mu 2020, koma ngakhale zili choncho zikuonetsa kuti mtsogoleri sanyamula mavoti m'chikwama kuti akawapereke komwe iye wafuna. Mbali inayo Tonse inapeza 58.57 peresenti, kuposa mukaphatikiza a Chakwera ndi a Chilima a 2019, chifukwa panali chinthu chomwe anthu ankachifuna okha, anali atayenda m'misewu miyezi yambiri akufuna chilungamo pa chisankho, ndipo analonjezedwa feteleza wa K4,495 ndi ntchito 1 miliyoni.

Pali nthawi zina pomwe munthu mmodzi amathandizadi, sindikukana. Malemu a Sidik Mia atalowa MCP mu 2017 chipanicho chinayamba kumveka ku Chikwawa ndi Nsanje komwe tambala anali atasiya kulira kwa zaka zambiri, mpaka chinatenga mpando wa Nsanje Lalanje pachisankho chapadera chaka chomwecho. Koma a Mia anali munthu wokhazikika kwawo, anthu ankawadziwa pamaliro, pamavuto a madzi osefukira, sanali ngati Liz Cheney wokanidwa ndi anthu ake. Ndipo ngakhale iwowo sanathe kutembenuza chigawo chonse chakumwera mu 2019.

Chitsanzo chomwe ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi cha a Bingu wa Mutharika mu 2009. Mu 2004 analowa ndi mavoti osakwana 36 peresenti, anakangana ndi UDF yomwe inawaika pampando, ku Nyumba ya Malamulo analibe aphungu okwanira, ndipo pachisankho cha 2009 a Bakili Muluzi anaikira kumbuyo a John Tembo, kutanthauza kuti mabwana akuluakulu awiri anali mbali imodzi. A Bingu anapeza pafupifupi 66 peresenti, kumpoto, kumwera, ngakhale m'maboma ena apakati. Chinawawolotsa anthu chinali makuponi a feteleza ndi chimanga m'nkhokwe, mlimi wa ku Mzimba kapena ku Ntcheu sanafunike phungu wake kuti amuuze, anaona yekha m'munda mwake.

Za 16 September 2025 mukuzidziwa, a Peter Mutharika anabwerera ndi 56.8 peresenti, a Chakwera 33. A Mutharika sanachite misonkhano yambiri ngati anzawo, inde anagwirizana ndi AFORD ya a Enoch Chihana, koma anthu omwe anawachotsa mu 2020 ndi kuwabwezeretsa mu 2025 sanatero chifukwa cha mgwirizano wa mabwana okha ayi, anatero chifukwa cha mizere ya mafuta, mtengo wa chimanga, kusowa kwa ndalama zakunja, kwacha yomwe inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndipo apa pali phunziro lowawa kwa MCP, mavoti a 2020 aja ambiri anali obwereka, anali a UTM, a PP, a achinyamata opanda chipani, ndiye anthuwo ataona kuti malonjezo sakukwaniritsidwa, a Chilima atamwalira pangozi ya ndege ku Chikangawa mu June 2024 ndipo UTM itatuluka mumgwirizano, obwerekedwa aja anabwerera. Munthu wowoloka sakhala wako mpaka kalekale, uyenera kumusunga chaka ndi chaka, ndipo zimenezi zikukhudzanso DPP lero lino chifukwa 56.8 ija si ya DPP yonse.

Pomwe anzanu akunena zoona ndi pa chiopsezo chotaya akwanu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo kandideti amene amasintha mawu malinga ndi komwe waima, ku Mzuzu kunena izi ku Thyolo kunena zina, masiku ano a WhatsApp amagwidwa tsiku lomwelo. Masapota omwe anavutika ndi chipani nthawi yotsutsa, omwe anamenyedwa, omwe ankasonkha ndalama zawo zamafuta, akaona mlendo wadzulo akupatsidwa mpando wakutsogolo ndi unduna, mtima umawawa, ndipo sapita kukavotera mdani ayi, amangosiya kugogoda m'makomo, amasiya kukhala mamonita usiku wonse pamalo owerengera mavoti, ndipo chipani chimafooka mwakachetechete. Ndiye ine kandideti ndingamulangize kuti asankhe nkhani ziwiri kapena zitatu zomwe zikupweteka wa chipani chake ndi wa chipani china mofanana, feteleza, mankhwala m'zipatala, ntchito za achinyamata, katangale, azinena zomwezo kulikonse osasintha, apite yekha kumadera omwe sakumufuna osati kutumiza nthumwi, ndipo asatukwane anthu omwe anavotera mnzake chifukwa munthu sungamutche mbuli lero mawa nkumupempha voti.

Mfundo yotukwanayi ili ndi kulemera kwina kwathu komwe ku America kulibe. Lamulo la 50+1 likutanthauza kuti tsiku lina kudzakhala chisankho chachibwereza pakati pa awiri otsogola, sizinachitikebe kuyambira pomwe lamuloli linabwera chifukwa 2020 ndi 2025 opambana anadutsa theka ulendo woyamba, koma zikadzachitika, mwina mu 2030, amene adzagamule ndi anthu omwe anavotera wachitatu ndi wachinayi, ndipo kandideti adzakhala ndi masabata ochepa chabe oti awapemphe. Amene anawalemekeza kuyambira pachiyambi adzakhala ndi poyambira, amene anathera kampeni yonse kunyoza mtundu wawo ndi chigawo chawo adzayenera kudalira kuti mtsogoleri wawo awabweretse, ndipo taona kale ndi a Muluzi mu 2009 komanso a Atupele mu 2020 kuti anthu satsatira choncho. Mukawauza anzanuwo zimenezi mundilemberenso, ndikufuna ndimve kuti ayankha bwanji makamaka pa nkhani ya Nevada ija.