Kiyi wa Windows wa madola 5: yankho kwa mayi a ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Zomba omwe ali ndi kashopu kotaipira makalata, kusindikiza ndi kupanga fotokope. Nkhani yawo ndi iyi: anagula laputopu ya HP ya kaunjika, mnyamata wina wokonza makompyuta n'kuwaikiramo Windows 10 Pro, ndipo patatha miyezi pafupifupi 6, pakona ya sikirini payamba kuoneka mawu akuti "Activate Windows". Atafufuza pa intaneti apeza kuti kwa eni ake a Microsoft mtengo ndi wokwera zedi, pomwe masamba ena akugulitsa kiyi, kutanthauza zilembo ndi manambala otsegulira Windows, pa madola 5 kapena 10. Funso lawo ndi lakuti, kodi alipo malo ogulako laisensi yotchipa koma yovomerezeka?

Mayi, zikomo pofunsa musanatulutse ndalama. Paja safunsa adadya phula. Koma ndisanakuuzeni kogula, ndikupempheni chinthu chimodzi: musagule kanthu sabata ino. Pali mwayi waukulu kuti laisensi yomwe mukusakayo muli nayo kale m'laputopu momwemo.

Kuyambira nthawi ya Windows 8, mu 2012, makampani akuluakulu monga HP, Dell ndi Lenovo anasiya kumata kiyi pa kapepala kunsi kwa laputopu. M'malo mwake amamulemba mkati mwa makinawo, mu BIOS, kapulogalamu ka m'makina komwe kamadzutsa kompyuta Windows isanayambe, ndipo amakhala momwemo ngakhale mutafomata kangati kapena kusintha hard drive. Zomwe zimachitika kwathu kuno ndi izi: laputopu inachoka kufakitale ndi Windows 10 Home yolipiridwa kale, koma mmisiri ali ndi fulashi imodzi yokha ya Pro yomwe amaikira aliyense. Kiyi wa Home sangatsegule Pro, ndiye mmisiri uja amathamangira kapulogalamu kobera kuti mawu aja asaoneke. Mapulogalamu ambiri oterewa amanamizira njira yotchedwa KMS, yomwe mabungwe akuluakulu amagwiritsa ntchito pa makompyuta a m'maofesi mwawo, ndipo chilolezo cha KMS chimatha pakapita masiku 180 ngati sichinawonjezeredwe. Masiku 180 ndi miyezi 6, mayi. Nditangowerenga imelo yanu ndinaganiza zomwezo.

Kuti mutsimikize, tsegulani Command Prompt, kawindo ka mu Windows kolembamo malamulo opatsa kompyuta, mulembe slmgr /dli ndi kudina Enter. Pakabokosi komwe katuluke muyang'ane mawu ali kumapeto kwa mzere wa Description. Mukaona RETAIL, ndi laisensi yogulidwa payokha. OEM_DM ndi ija yobwera ndi makina. Koma mukaona VOLUME_KMSCLIENT kapena VOLUME_MAK pa laputopu ya munthu wamba yemwe sali pa ntchito ku bungwe lililonse, dziwani kuti chilolezocho si chanu. Kenako tsegulani PowerShell, kawindo kena kotere, mulembe (Get-CimInstance SoftwareLicensingService).OA3xOriginalProductKey. Pakatuluka zilembo ndi manambala 25, ameneyo ndi kiyi wa fakitale. Malaputopu omwe anali a m'maofesi kunja, monga HP EliteBook, Dell Latitude kapena Lenovo ThinkPad, ambiri amabwera ndi Pro kale. Enawo kawirikawiri amakhala a Home.

Ngati kiyi alimo, ntchito yatsala ndi kusunga mafayilo anu pena, kukopera Windows pa tsamba la Microsoft lenileni ndi chida chawo cha Media Creation Tool, kuika pa fulashi ya 8GB, ndi kuikamonso mtundu womwe ukugwirizana ndi kiyi wanu. Kukopera n'kwaulere, ndalama imangopita pa bandulo, chifukwa fayiloyo imakwana 5GB kapena kupitirirako. Mukalumikiza intaneti imadzitsegula yokha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero akuluakulu. Ndipo pa ntchito yanu yotaipa ndi kusindikiza, palibe chomwe Home ingakulepheretseni. Zomwe Pro imawonjezera, monga kulowa pa netiweki ya kampani kapena kulola wina kuyendetsa kompyuta yanu ali kutali, shopu ngati yanu sizisowa.

Chenjezo limodzi pamenepa. Ngati laputopuyo ndi ya nthawi ya Windows 7 kapena 8, kale kiyi wake ankatha kutsegula Windows 10. Microsoft inalengeza kuti mwayi waulerewo unatha pa 29 July 2016, koma khomo linakhalabe lotsegula mwakachetechete kwa zaka zambiri mpaka linatsekedwa mu September 2023. Makina omwe anakwezedwa kale kufika pa Windows 10 nthawi isanakwane akadali ndi chilolezo chawo. Omwe sanakwezedwe, njirayo palibenso.

Tsopano tibwere ku makiyi a madola 5 aja, chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, ndipo sindiwadzudzula. Pa sitolo ya Microsoft, Windows 11 Home ndi madola 139, Pro ndi madola 199.99. Pa mtengo wa ku banki wa pafupifupi K1,750 pa dola, Home yokha ikupitirira K240,000, ndipo tonse tikudziwa kuti kupeza dola ku banki si nkhani yamasewera. Munthu ukaona chinthu chomwecho pa madola 5, mtima umagunda.

Chomwe ndikufuna mumvetse ndi chakuti kiyi ndi laisensi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukapita kumsika kwa odula makiyi, angathe kukudulirani kiyi wotsegula nyumba ya munthu wina. Chitseko chitseguka ndithu, mulowa, mugona, koma nyumbayo siinakhale yanu chifukwa chakuti loko wamvera. Laisensi ndi ufulu wogwiritsa ntchito Windows, womwe umachokera kwa Microsoft kudzera mwa wogulitsa wololedwa. Kiyi ndi kachida kongotsegulira. Ogulitsa a madola 5 amagulitsa kachidako kokha, ndipo akakulemberani kuti "genuine" amatanthauza kuti kiyiyo anapangidwadi ndi Microsoft, zomwe n'zoona nthawi zambiri. Chomwe sakuuzani n'chakuti anapangidwira munthu wina.

Amachokera kuti? Ena ndi makiyi a MAK, omwe kampani kapena sukulu imapatsidwa kuti itsegulire makompyuta ake ambirimbiri ndi kiyi mmodzi. Wina akamutulutsa kunja amamugulitsa kwa anthu mazana mpaka chiwerengero chake chitatha kapena Microsoft itamutseka. Ena amachokera kwa opanga mapulogalamu, omwe amalandira makiyi oyesera ntchito yawo, osati ogulitsa. Ena anali a m'mayiko momwe mtengo ndi wotsika. Ndipo ena amagulidwa ndi makhadi a banki obedwa, mwini khadi akadandaula kiyi n'kufa. Inu ogula mulibe njira yodziwira kuti wanu wachokera mbali iti.

Ine zinandichitikira. Zaka zingapo zapitazo ndinagulira mphwanga kiyi pa tsamba lina lomwe linkaoneka laulemu, lokhala ndi nyenyezi zambiri za ogula okhutira. Anatsegula bwinobwino. Patatha chaka hard drive inafa, titaika ina n'kulowetsa kiyi yemwe uja, Windows inakana kuti wagwiritsidwa ntchito kokwanira. Ndinalembera wogulitsa kawiri, sanayankhe. Ndalama yake inali yochepa, koma chinandiwawa n'chakuti ndinali nditamuuza mwanayo kuti Windows yake ndi yogula, ndipo iye ankauza anzake chimodzimodzi.

Kunena chilungamo, pali mbali ina ya nkhaniyi. Mu July 2012 khoti lalikulu la European Union, pa mlandu wa UsedSoft ndi Oracle, linagamula kuti munthu yemwe anagula laisensi ya pulogalamu yosatha nthawi angathe kuigulitsanso, bola iye afufute yake. Choncho ku Ulaya kuli makampani ochita malonda a malaisensi ogwiritsidwapo kale ntchito mwalamulo. Makampani enieni oterewa amapereka mapepala osonyeza komwe laisensi inachokera ndi umboni woti mwini woyamba anasiya kuigwiritsa ntchito. Koma masamba ambiri a madola 5 amangotchula chigamulochi ngati chishango, osapereka pepala lililonse kupatula imelo ya zilembo 25. Komanso chigamulocho ndi cha mayiko a ku Ulaya, sichikuteteza munthu wogula ali ku Zomba.

Kodi apolisi adzabwera kushopu kwanu chifukwa cha kiyi wotere? Sindikufuna kukuopsezani ndi zimenezo. Chomwe chimachitika kawirikawiri n'chakuti kiyi amafa tsiku lina, ndalama n'kulowa m'madzi. Chomwe ndimaopa kwambiri ndi mapulogalamu obera aja, monga KMSpico, omwe amakuuzani kuti muyambe mwazimitsa antivayirasi musanawaike. Makope ambiri omwe ali pa intaneti amabwera ndi mavayirasi obisika okuba mapasiwedi. Tangoganizani zomwe zimadutsa pa laputopu yanu: ma CV a anthu, zitupa za unzika, masatifiketi a MSCE, makalata a ku banki. Makasitomala anu anakukhulupirirani ndi zinthu zimenezo. N'chifukwa chake ngakhale kiyi wa fakitale atapezeka, musangomulowetsa pamwamba pa Windows yomwe ilipoyo. Fufutani zonse muyambe mwatsopano.

Nanga ngati m'makinamo mulibe kiyi? Njira zovomerezeka zilipo, kungoti palibe ya madola 5. Yotsikirako mtengo ndi laisensi ya OEM, yomwe masitolo a ku South Africa amakonda kuilemba kuti DSP. Imamatirira pa kompyuta imodzi, ikafa kompyutayo laisensi yapita nayo limodzi, pomwe ya Retail mungathe kuisamutsira pa makina ena. Ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena ku UK, angakugulireni m'sitolo yodziwika n'kukutumizirani kiyi ndi risiti. Pa misika ikuluikulu ya pa intaneti ngati Amazon muzionetsetsa kuti wogulitsa ndi sitoloyo mwini wake, chifukwa pamakhalanso amalonda ena ongobwereka malo. Kuno kwathu, ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli makampani ogulitsa makompyuta atsopano kwa mabanki ndi mabungwe. Afunseni mtengo, ndipo risiti ilembe dzina la Windows yomwe mwagula. Ophunzira a m'mayunivesite ayambe afunsa ku ofesi ya ICT ya pasukulu pawo, popeza sukulu zina zili ndi mgwirizano ndi Microsoft wopereka Windows ya Education kwa ophunzira. Mabungwe osapanga phindu nawo ali ndi mitengo yawoyawo kudzera ku TechSoup, bungwe lothandiza mabungwe oterewa kupeza mapulogalamu motchipa.

Musanalipire kalikonse, onani zaka za laputopu yanu. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula chaka chimodzi chowonjezera cha zigamba za chitetezo chofika mu October 2026 kwa omwe alembetsa. Laisensi ya Windows 10 imagwiranso pa Windows 11 popanda kulipira china, koma Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM ya 4GB, malo a 64GB, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Malaputopu ambiri a kaunjika omwe ali m'mashopu mwathu ndi a m'badwo wa 4, 5 kapena 6. Kuika K240,000 pa makina oterewa, ine sindingakulangizeni. Ndalama imeneyo ndi bwino kuisunga, kuwonjezerapo, n'kudzagula laputopu ya kaunjika ya m'badwo wa 8 yokhala ndi kiyi wake kale. Pogula, muyese malamulo awiri a Command Prompt ndi PowerShell ndakupatsani aja wogulitsa akuona.

Pali njira inanso yomwe ndimaikonda, ngakhale ambiri amaiopa asanaiyese. Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndi yaulere mwalamulo, palibe kiyi, palibe mawu a pakona. Mtundu wake wotchuka, Ubuntu, unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi lomwe ife timati umunthu. Kwa munthu wozolowera Windows ndimasankha Linux Mint, chifukwa maonekedwe ake sasiyana kwambiri, imayenda bwino pa makina akale, ndipo imabwera ndi LibreOffice yomwe imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Sindikubisirani zovuta zake. Nthawi zina chikalata chokhala ndi matebulo ambiri chimasuntha pang'ono, ndipo kasitomala wofuna kusindikiza dizeteshoni yake sangamvetse zimenezo. Ngati mumapanga makhadi aukwati pa CorelDRAW kapena Publisher, mapulogalamu amenewo sayenda pa Linux. Mapulinta a HP ambiri amagwira bwino, ena amavutirapo. Ubwino wake mungathe kuiyendetsa kuchokera pa fulashi osafufuta kanthu, n'kuyesa pulinta yanu ndi mafayilo a makasitomala tsiku lonse la Lamlungu musanasankhe.

Komanso, laisensi ya Windows siphatikiza Word ndi Excel. Office ili ndi laisensi yakeyake, ndipo ndikukayika ngati mnyamata uja anaiika mwanjira ina yosiyana ndi momwe anaikira Windows. Mukafomata idzapita nayo, ndiye konzekeranitu: LibreOffice imayendanso pa Windows, komanso Word ya pa intaneti ndi yaulere kwa aliyense wokhala ndi akaunti ya Microsoft, kungoti imadya bandulo.

Pakadali pano mawu a pakonawo asakusowetseni tulo. Windows yosatsegulidwa imagwirabe ntchito, imangokuletsani kusintha zithunzi ndi mitundu ya pa sikirini, choncho masiku ochepa ofufuzira muli nawo. Lembani malamulo awiri aja usiku uno mukatseka shopu, mundijambulire zomwe zatuluka pa loyambalo pamodzi ndi dzina lonse la laputopuyo lomwe lili kunsi kwake. Kiyi weniweniyo musanditumizire, ndipo musatumizire wina aliyense, mungondiuza ngati watuluka kapena ayi.