Kwa Dotora wa ku Moatize

Alo... ikujambula? Eya. Msuweni, uthenga wako ndauwona m'mawa, koma ndinali ku tribunale, foni ili chete m'thumba. Kulemba ayi, zala zanga zimadinda zilembo ziwiri nthawi imodzi, ndiye ungomva mawu. Enanu a pagulu pano, ndikudziwa kuti mumvetsera mpaka kumapeto ngakhale mumalira kuti mamega atha.

Wafunsa kuti, "Achimwene, kutsegula ofesi yanga ya advogado, ya uloya, ku Tete kapena ku Ulongwe kungadye ndalama zingati?" Hehe. Dotora. Iwe amene umawerenga makontrato a kampani usanamwe ndi tiyi yemwe, mtengo wa kachipinda ukuvute? Iyayi, mkazi wanga wa chisuweni, funso lako lili kwina. Koma chabwino, ndiyambe ndi lomwe walembalo.

Kachipinda, tebulo, mipando itatu, makina osindikizira, chidindo. Carteira ya ku Ordem, chiphaso cha ku bungwe la maadvogado, uli nayo, ungoonetsetsa kuti makota, ndalama za umembala, sunatsalire. NUIT, nambala ya msonkho, uli nayo, ukangopita ku Finanças, ku ofesi ya msonkho, kukanena kuti wayamba kudziyimira. Ku Tete uwonjezerepo choziziritsa m'chipinda, apo ayi kasitomala akomoka asanamalize kufotokoza mlandu. Ku Ulongwe juzi basi. Komanso INSS, thumba la penshoni lija: panopa amakudula 3 peresenti, abwana n'kuikapo 4. Ukachoka, 7 yonseyo ndi yako, ndipo palibe wokukumbutsa. Basi, latha limenelo.

Dikira, akugogoda... Lowani! Ayi, mawa, mawa m'mawa. Pepa.

Ndimati chiyani? Eya. Ukuwakumbukira amalume ako a ku Domwe, bambo anga aang'ono, nthawi ya chigayo? Iwe unali... ayi, unali utabadwa, unali kamwana ka mamina, unkathawa phokoso la injini n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Titabwerako ku Dedza nkhondo itatha, paja mtendere anasainira 1992, iwo anapeza uphunzitsi. Malipiro ochepa, ochedwa, komabe ankabwera. Tsiku lina anangoti, "Ine choko chandikwana." Anagulitsa ng'ombe zija, inde, zomwe zija, tisayambenso nkhaniyo pano azakhali akumva, n'kugula chigayo cha dizilo.

Ndipo anthu ankabwera, iwe! Mzere wa malichero ndi zidebe kuchokera pakhomo mpaka pa mtengo wa mapichesi uja. Iwo ali mbuu ndi ufa, nsidze zomwe, akuseka. Akuti, "Ona, mphunzitsi wasanduka bwana." Koma pamzerepo theka anali abale. Uyu mlamu, uyu mdzukulu wa agogo, uyu tinakhala naye msasa umodzi ku Malawi. Aliyense, "Lembani, ndipereka ndikakumba kachewere." Iwo, poti ndi mphunzitsi, ankalembadi. Kope lachikuto chakuda, mizere yojambula ndi rula, dzina, tsiku, ndalama, malemba okongola ngati a m'kaundula wa sukulu. Ankalisunga m'chitini cha mabisiketi kuti mbewa zingadye ngongole. Dizilo yekha ndiye sankalola kulembedwa m'kope. Ameneyo ankafuna ndalama pamanja.

Ndiye kunabwera 2006, boma linachotsa maziro atatu pa metikali, 1000 yakale kukhala 1 yatsopano. Mtengo wa ndalama sunasinthe, koma tawauza anthu a kwathu! Munthu amene m'kope anali ndi 50,000 akubwera akuti, "Aphunzitsi, mungandilondole chifukwa cha 50 yokha? Manyazi mulibe?" Hahaha! Bambo aang'ono anakhala usiku wonse akufufuta maziro ndi rula yawo ija, kope lonse, tsamba ndi tsamba. Atamaliza analiyang'ana n'kunena kuti chuma chawo chaonda ngati galu wa m'dzinja. Lamba wa injini atadzaduka, panalibe yogulira wina.

Koma chimene chinawapweteka... ayi, chigayo chinawapweteka, ndisaname, koma china chinaposa. Pamene anali mphunzitsi, mwezi uliwonse ankapereka ya sopo ndi mchere kwa agogo. Atasiya ntchito sanawauze kanthu, ankati adzawadabwitsa ndi malata. Mwezi watha, zii. Wina watha, zii. Agogo anaganiza kuti mwana walemera ndipo wawataya, poti mzere wa pachigayo ankauona ndi maso awo. Zija zinatsatira mukuzidziwa nonse, mpaka pa maliro paja.

Tsono ntchito yathuyi. Usaganize kuti ndi yosiyana chifukwa timavala jekete. Kuno ku Angónia milandu ilipo yambirimbiri: malire a minda, madimba, chuma cha masiye, ngongole za fodya. Paja malo ndi a Boma, sagulitsidwa, munthu amangokhala ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ndipo lamulo la 1997 lija limavomereza umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi ngakhale pepala palibe. Ndiye mlandu umodzi umafuna ukwere njinga yamoto, ukakhale pansi ndi mfumu ndi nkhalamba zokumbukira pomwe panali mtengo wa malire. Tsiku lonse lapita. Komanso anthu amayambira kwa mfumu, kenako ku tribunale ya m'mudzi, wosauka amapita ku IPAJ, ofesi ya Boma yothandiza pa milandu, komwe salipira. Wofika kwa iwe amafika nkhani itavunda kale, ndipo ndalama akuti tikakolola. Januwale, Febuluwale, pakhomo pa ofesi pamadutsa mbuzi zokha. Wina anandilipira thumba la nyemba, zabwino ndithu, koma mwini nyumba salandira nyemba.

Ku Tete ndi ku Moatize kuli ndalama, inde, koma makampani aakulu ambiri maadvogado awo ali ku Maputo. Ndipo waona wekha mmene zinagwedezekera pamene Vale, kampani ya mgodi wa malasha ija, inachoka mu 2022 n'kubwera Vulcan, timakampani tina tating'ono tinangotseka. Chimene chimasunga ofesi ndi avença: sitolo yaikulu, sukulu yapulaiveti, mwini magalimoto onyamula katundu, amene amakupatsa kangachepe mwezi ndi mwezi, kaya pali mlandu kaya palibe. Upeze awiri otero usanapereke kalata. Awiri. Osati malonjezo a pa mowa, asaine.

Tsono ndifike pomwe ukufunsa zenizeni. Iwe sukuopa lendi. Ukuopa M-Pesa ya pa 30. Ndalama ija umatumiza mu foni ya azakhali, amayi akowo, ija imalipira sukulu ya mng'ono wako ndi mankhwala a shuga. Ukufuna wina akuuze kuti ukasiya ntchito siidzaduka. Ine sindingakuuze zimenezo. Idzaduka, miyezi ina idzachepa, ina osabwera n'komwe. Ndiye upite kumudzi, osati pa foni, ukwere chapa, ukakhale pamphasa ndi amayi ako, uwauze kuti, "Amayi, chaka chikubwerachi ndalama izibwera modumphadumpha, musadzati ndakutayani." Uwauze kalata usanapereke.

Ndipo ngati chikukuthamangitsa ndi bwana uja unkadandaula pa Khirisimasi... eee, usakane, tonse tinamva, unalankhula mpaka nsima inazizira... ngati ndi ameneyo, dikira kaye mtima utsike. Mkwiyo suchedwa kutha, lendi ndiye imabwera mwezi uliwonse.

Za abale, konsulta ndi yolipira kuyambira tsiku loyamba. Ikani pepala pakhoma... ndati ikani, ona, ndayamba kale kukulemekeza, Dotora. Ika pepala pakhoma. Wachibale ukafuna kumuthandiza ulere, umuuze poyera kuti iyi ndi mphatso, osati zolemba m'kope. Inu alamu a ku Tsangano, ndikudziwa mukumva, nkhani ya dimba ija sindinaiwale.

Ndiye wamva? Ofesi tsegula, mutu uli nawo, kuposa ine. Koma azakhali amve kuchokera pakamwa pako, ndalama isanayambe kusowa. Asadzamvere kwa anthu a pa msika kuti mwana wanu anasiya ntchito.

Ayi, batire ikulira. Loweruka ndili ku Tete, tikumane cha ku mlatho wa Samora, ubwere ndi kontrato yako ya ntchito tione za aviso prévio, notisi yosiyira ntchito. Nsomba ugule ndiwe, ukadali pa malipiro. Koma kaye amayi ako, iwe. Pita ukawauze.