Kwa achimwene amene VM ikukana kudzuka pa OpenStack: yang'anani buku la Placement

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati ku ofesi kwanu mwaika OpenStack Yoga (pulogalamu yoyendetsera cloud yanuyanu) pa Ubuntu 22.04, controller imodzi, seva yoyang'anira zonse, ndi ma compute atatu, ma seva onyamula ma VM, koma mukafuna kudzutsa VM (kompyuta yoyerekezera yoyenda m'kati mwa seva) ikugwa ndi uthenga woti No valid host was found, pomwe mukalowa pa sevayo n'kulemba free -h mukupeza memory yambiri ili phee. Mwafunsanso ngati Placement, gawo la OpenStack lolemba malo amene seva iliyonse ili nawo, ndi yofunikadi kapena mungoilumpha.

Kuilumpha sikutheka. Kuyambira pa version ya OpenStack yotchedwa Ocata mu 2017, nova-compute, gawo la nova loyendetsa ma VM pa seva iliyonse, imakana kudzuka ngati simunaiuze komwe Placement ili. Placement inayamba mu 2016 pa Newton ili m'kati mwa nova, pa Stein mu 2019 inapatuka n'kukhala payokha ndi database yakeyake, ndipo pa Train chaka chomwecho code yake inachotsedwamo mu nova. Mbiriyi ikuthandizeni posankha malangizo pa intaneti. Mukaona tsamba likuti ikani nova-placement-api, kapena likulemba za Placement mu database ya nova_api, dziwani kuti ndi lakale, lisiyeni.

Chimene chikukuzunguzani n'chakuti Placement siyeza memory imene ikugwiritsidwa ntchito pa nthawiyo. Ndi buku chabe, lofanana ndi lija la pa kauntala ya resiti hausi. Chipinda chikalembedwa dzina la mlendo, kaya mlendoyo wapita kumsika kaya wagona kwina, mnyamata wa pa kauntala sangachipereke kwa wina. Inu mukalemba free -h mukusuzumira pa windo n'kuona bedi lopanda munthu, koma nova-scheduler, imene imasankha seva yoikapo VM, ikufunsa m'buku. Seva iliyonse ya compute imalembedwa ngati resource provider, zimene ili nazo ndi inventory, ndipo VM iliyonse imatenga allocation yake ya VCPU, MEMORY_MB ndi DISK_GB malinga ndi flavor yake, kutanthauza kukula kumene munaisankhira. VM yozimitsa imasungabe gawo lake lonse. Imalitaya pokhapokha mwaifufuta kapena mwaichita shelve mpaka yachoka pa seva.

Masamu ake ndi awa: chotsani reserved pa total, zotsalazo muchulukitse ndi allocation_ratio. Tiyerekeze seva yanu ili ndi total ya 64000 MB, mwasungira makinawo 4096, ratio ndi 1.0. Zoti mugawe ndi 59904. Mukakhala ndi ma VM 7 a 8192 MB iliyonse, m'buku mwatha 57344, kwatsala 2560 yokha. Flavor ya 4096 ikanidwa pamenepo, ngakhale ma VM asanu mwa amenewo ali ozimitsa kuyambira mwezi watha ndipo free -h ikukusonyezani malo aakulu.

Kuika Placement sikovuta, ndi ntchito ya mphindi zochepa mukatsata ndondomeko. Mu MariaDB pangani database yotchedwa placement ndi user wake. Ku Keystone, kosungira ma user ndi zilolezo, pangani user placement, mumupatse role ya admin mu project ya service, mulembetse service ya mtundu wa placement, kenako ma endpoint atatu, public, internal ndi admin, onse olozera http://controller:8778. Mukatero apt install placement-api. Mu /etc/placement/placement.conf muli malo atatu oti mukonze: connection m'gawo la placement_database, imene imayamba ndi mysql+pymysql://, auth_strategy = keystone m'gawo la api, ndi gawo lonse la keystone_authtoken. Malizani ndi su -s /bin/sh -c "placement-manage db sync" placement, muyambitsenso apache2. Musafunefune service ya systemd ya dzina lake pa Ubuntu, mulibe, imayendera mu Apache ngati WSGI. Sigwiritsanso RabbitMQ, ndi HTTP ndi database basi, ndiye ikavuta malo ofufuza ndi ochepa.

Pali tinthu tiwiri timene timadya tsiku lonse la munthu. Ngati pasiwedi ya database ili ndi chizindikiro cha @, mzere wa connection umaduka pakati, muyenera kulemba %40 m'malo mwake kapena musankhe pasiwedi ya zilembo ndi manambala okha. Kachiwiri n'ka anzathu a m'gulu muno amene amagwiritsa Rocky Linux kapena CentOS Stream: mukapeza 403 Forbidden pa port 8778, yang'anani fayilo ya Apache ya 00-placement-api.conf, nthawi zambiri imasowa chilolezo cha Require all granted pa /usr/bin.

Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti gawo la placement mu nova.conf liyenera kulembedwa pa controller komanso pa compute iliyonse, osati pa controller pokha. Muikemo auth_url ya Keystone ya port 5000, username placement, pasiwedi yake, project_name service, ndi region_name yofanana ndendende ndi imene munalemba pa ma endpoint. Wina akalemba RegionOne uku, regionOne uko, nova-compute imafufuza Placement m'chigawo chomwe kulibe. Ndipo poti ma compute ndi amene amakalembetsa okha zimene ali nazo, port 8778 ikhale yotsegula kuchokera pa netiweki yawo. Yesani curl http://controller:8778 muli pa compute. Ikayankha ndi JSON yonena ma version, njira ilipo.

Tsopano kufufuza vuto lanu. Musayambe ndi kusintha ma config. Tsegulani /var/log/nova/nova-scheduler.log pa controller, muyesenso kudzutsa VM, muwerenge zimene zatuluka. Nova-scheduler imayamba yafunsa Placement kuti ndi seva ziti zili ndi malo, kenako ndiye imasefa ndi ma filter ake. Mukaona mawu oti Got no allocation candidates from the Placement API, vuto lili m'buku. Mukaona kuti filter inayake returned 0 hosts, Placement yapereka ma seva bwinobwino koma sefa ndi imene yawataya, ndiye mukayang'ane availability zone, ma aggregate kapena ma property a image. Uthenga umene inu mukuona pa Horizon, tsamba la web la OpenStack, ndi umodzi pa zonse ziwirizi, n'chifukwa chake anthu amakonza malo olakwika.

Likakhala la m'buku, ikani plugin ya osc-placement kuti lamulo la openstack lidziwe kulankhula ndi Placement. Lembani placement-status upgrade check kaye, kenako openstack resource provider list. Muyenera kuona mizere itatu, mayina ake ofanana ndi a mu openstack hypervisor list. Mukaona iwiri, compute imodzi siikufika, pitani mu nova-compute.log yake. Mukaona inayi, pali seva imene inasintha dzina. Pa provider aliyense lembani openstack resource provider inventory list ndi openstack resource provider usage show, mutsatize ndi UUID yake, muchite masamu aja ndi dzanja. Mukhozanso kufunsa funso lomwelo limene scheduler imafunsa: openstack --os-placement-api-version 1.10 allocation candidate list --resource VCPU=2 --resource MEMORY_MB=4096 --resource DISK_GB=40. Ikabwera yopanda kanthu, chotsani chimodzichimodzi mpaka mupeze chimene chikutseka. Ine kawirikawiri ndimapeza kuti ndi DISK_GB, poti anthu amaika Ubuntu pa partition yaing'ono n'kuiwala kuti nova imawerenga malo a pamene pali /var/lib/nova/instances.

Yang'aninso mzere wa max_unit. Seva ya ma thread 12 yokhala ndi ratio ya 4.0 ingagawe VCPU 48 zonse pamodzi, koma VM imodzi singapose 12. Flavor ya VCPU 16 ikanidwa ngakhale sevayo ili yopanda VM ndi imodzi yomwe.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira, poti ndi zimene ndikuganiza kuti mwina zakugwerani ngati mwakhala mukuika ndi kufufuta. Tinkasamutsa ma VM kuchoka pa seva ina kuti tisinthe disk. Magetsi anathima, UPS inagwira pang'ono n'kutha jenereta isanayake, zonse zinazima kusamutsako kuli pakati. Pa nthawi ya resize kapena migration, Placement imasunga malo mbali zonse ziwiri, kumene VM ikuchoka ndi kumene ikupita, mpaka ntchitoyo itsimikizidwe. Titadzutsa makina, ma VM atatu anakakamira, ndipo mnzanga pofuna kuthandiza analowa mu database ya nova n'kuwachotsa ndi dzanja. Pa Horizon panayera. Patapita masabata awiri seva ija inayamba kukana ma VM atsopano. Ndinakhala m'chipinda cha ma seva mpaka usiku, jekete lili m'thupi chifukwa cha kuzizira, ndikuwerenga ma VM ndi virsh list --all n'kupeza 4, pomwe usage show ikuti memory yagawidwa ya ma VM 7. Tinali titalemba kale kalata yopempha ndalama zogulira RAM ina. RAM imeneyo sinkafunika, 24 GB inagwidwa ndi ma VM oti kulibe.

Chinatithandiza ndi nova-manage placement audit --verbose, lamulo limene linabwera pa Ussuri mu 2020, ndiye pa Yoga yanu lilipo. Limatchula ma allocation amene mwini wake kulibe. Werengani mndandandawo mofatsa, mutsimikize UUID iliyonse ndi openstack server show, kenako ndiye muwonjezere --delete. Mnzake ndi nova-manage placement heal_allocations, la vuto lotembenuza, pamene VM ilipo ndipo ikuyenda koma m'buku mulibe. Vuto limeneli ndi loopsa kuposa, chifukwa scheduler imapitiriza kuthira ma VM pa seva yodzaza kale. Chonde, musachotse VM kapena compute mu database ndi dzanja, dzerani pa API kuti nova ikafufutenso ku Placement.

Za dzina la seva ndizinenenso. Mukaikanso Ubuntu pa compute n'kuipatsa hostname yakale, nova ikapanga UUID yatsopano imakapeza provider wakale wa dzina lomwelo akadali m'buku, Placement imayankha 409 Conflict, ndipo mu log mumaona ResourceProviderCreationFailed. Mukasintha dzina, monga kuchoka pa compute1 kupita pa dzina lalitali lokhala ndi domain, pamabadwa provider watsopano wopanda allocation pomwe zakale zatsalira kwa uja. Pa 2023.1 Antelope anakonza izi posunga UUID mu fayilo ya compute_id pa sevayo, ndipo nova-compute imakana kudzuka ikazindikira kuti dzina lasintha. Inu pa Yoga chitetezo chimenecho mulibe, ndiye sankhani dzina kamodzi musalikhudzenso.

Anthu ena m'gulu muno akuuzani kuti mungokweza ram_allocation_ratio vuto lithe. Ine sindikugwirizana nazo. Pa Yoga, mukapanda kusintha kalikonse, CPU imayambira pa 16.0 ndipo RAM pa 1.5, kutanthauza kuti buku likulonjeza kale memory yoposa imene ilipo. Opanga nova eniake anatsitsa manambalawa pa Antelope kufika pa 4.0 ndi 1.0. CPU ikapanikizika ma VM amangochedwa, koma memory ikatha kernel imapha process ya QEMU imene yasankha, ndipo ikhoza kukhala database ya malipiro a antchito. Ine ndimaika RAM pa 1.0, ndipo reserved_host_memory_mb, imene imabwera ili 512, ndimaikweza kufika pa 4096, kuposa apo ngati sevayo ikuyendetsanso Ceph, pulogalamu yophatikiza ma disk a ma seva ambiri. Dziwaninso kusiyana kwa ram_allocation_ratio ndi initial_ram_allocation_ratio. Mukalemba ram_allocation_ratio mu nova.conf, nova-compute imabwezeretsa nambala imeneyo mu Placement nthawi ndi nthawi, ndiye zimene mwasintha ndi lamulo la openstack zimafufutika pakapita mphindi. Mukafuna kumasintha kudzera pa API, gwiritsani initial_ram_allocation_ratio yokha, imene imagwira ntchito pamene seva ikulembetsedwa koyamba, inayo muisiye yosalemba.

Ngati ma disk a ma VM anu ali pa Ceph, samalani ndi DISK_GB. Compute iliyonse imanena kukula kwa Ceph yonse ngati kwake, ndiye ma seva atatu amaonetsa malo owirikiza katatu. Pamenepo khulupirirani ceph df, osati Placement.

Mwina mudzaganiza zosamukira ku Kolla Ansible, chida choikira OpenStack, m'tsogolo; imaika Placement yokha limodzi ndi nova ndipo ma pasiwedi ndi ma endpoint imakonza yokha. Ndi yabwino, koma malamulo ofufuzira amene ndalemba apawa ndi omwewo, ndiye malizani kaye kuphunzira pa zimene mwaika ndi manja. Panopa tumizani muno mizere 20 yomaliza ya nova-scheduler.log mutangoyesa kudzutsa VM, zotuluka pa resource provider list, inventory list ndi usage show ya seva iliyonse, komanso openstack flavor show ya flavor imene ikukanidwayo. Ma pasiwedi ndi ma IP a kunja mubise musanatumize. Ndiyang'ana madzulo ndikaweruka.