Kuchoka ku rehab kupita kuwodi: ndipite kapena ndikhale?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa namwino wa ku Ndirande amene anamaliza sukulu chaka chatha. Ntchito yoyamba anaipeza pamalo othandiza odwala sitiroko ndi ovulala msana kuti ayambirenso kukhala tsonga, kuyenda ndi kudzisamala. Pano mwayi wa kuchipatala chachikulu wapezeka. Akuti: "Asisi, ndipite? Anzanga akuti ku rehab si unesi weniweni, komanso kanyula, kapaipi kolowetsa mumtsempha kaja, ndinaika komaliza ndili pasukulu."

Achemwali, pitani. Unamwino ukadali wanthete ndi nthawi yabwino yoona matenda osiyanasiyana, ndipo mukadzafuna kuwonjezera maphunziro ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, yomwe inapangidwa mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, zaka za m'wodi zidzakuthandizani. Koma zonena anzanuzo zisiyeni pomwepo.

Za kanyula musade nazo nkhawa. Mudzaphonya mitsempha ingapo, wina adzakuyang'anani chammbali, kenako manja adzakumbukira okha. Kuwerengetsa madontho a dilipi ndi milingo ya mankhwala a mumtsempha bwerezani panopa, madzulo mukaweruka.

Chimene chidzakuvuteni ndi liwiro. Kumene muliko wodwala mumakhala naye masabata, mumadziwa mkazi wake, mumadziwanso mwendo umene umakana m'mawa. Pa naiti m'zipatala zathu zambiri mumatsala awiri ndi wodi yodzaza. Uyu shuga watsika, uyo akubanika, gadiyani wina akukukokani yunifomu kuti dilipi yatha. Luso lake ndi kudziwa woyamba kumuthamangira, osachita manyazi kuitana dokotala kapena sisita wamkulu. Lipoti losinthana ndi anzanu lizikhala lalifupi: zimene zasintha ndi zimene zatsala.

Tsono zimene mukutenga ku rehab ndi zomwe wodi imazisowa. Talingalirani bambo wa sitiroko atagona chagada, gadiyani akumumwetsa phala ndi sipuni, iye akutsokomola, maso ali misozi. Namwino wotanganidwa amangodutsa. Inu mudzaima, mudzamukhazika tsonga, mudzaona ngati akumeza bwino, chifukwa mukudziwa kuti phala likalowa m'mapapo, chotsatira ndi chibayo. Mudzayang'ana zidendene ndi kumunsi kwa msana khungu lisanabooke, n'kuuza gadiyani kuti azimutembenuza maola awiri alionse, usiku womwe. Inu mwaonapo mmene wodwala amafikira ku rehab ali ndi chilonda chozama kapena bondo louma losawongoka, ndi miyezi imene imatayika pokonza zimenezo. Ambirife tinaphunzitsidwa kupulumutsa moyo, osati kuganizira mmene munthuyo adzapitire kuchimbudzi akabwerera kumudzi.

Ndipo m'wodi gadiyani ndiye dzanja lanu lachiwiri. Amene amadziwa kuphunzitsa magadiyani mosakalipa amagwira naiti yopepukirako.

Ngati ndi ku Queens, chomwe chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma a kummwera, mukapatsidwa mpata wosankha pemphani wodi ya akuluakulu ya matenda wamba kapena ya mafupa. Kumeneko zimene mukudziwa zidzagwira ntchito tsiku loyamba lomwe, komanso odwala ena amapitirira ku Kachere Rehabilitation Centre, choncho mudzadziwa chowakonzekeretsa. Ku AETC, kolandirira akuluakulu a ngozi ndi matenda adzidzidzi, kapena ku ICU, kwa odwala mwakayakaya, mudzapita mutakhazikika. Ine sindikonda kuona watsopano akuponyedwa kolandirira ngozi asanadziwe ndi komwe kumakhala oxygen, ngakhale ena amati ndi momwe amakhwimira msanga.

Laisensi yanu ya ku Nurses and Midwives Council isakhale yotha ntchito, mapointi a CPD, a maphunziro opitiriza muli pantchito, akwane. Musalembe kalata yosiya ntchito musanagwire m'manja kalata yokulembani kwinako, chifukwa mawu a pafoni sadyetsa. Mukasiya, tsazikani bwino ndipo mumalize notisi. Blantyre ndi yaing'ono, matron wa uku amadziwana ndi wa uko. Funsaninso ngati padzakhale wokuyendetsani masabata oyamba. Malokamu, maganyu a mashifiti owonjezera aja, ayambe adikira mpaka thupi litazolowera kugona masana.