Kodi kuwerenga miyala yosanjikizana kumadyetsa munthu?

Mtsikana wina amene akumaliza digiri ya jiyoloje, sayansi ya miyala ndi nthaka, wandilembera kuti akufuna kupitiriza ndi kafukufuku wa miyala yakale yosanjikizana, koma bambo ake akuti miyala sidyetsa munthu, ndipo akufuna kuti ayambirenso maphunziro owerengera ndalama. Makalata otere ndimalandira kawirikawiri, ndipo chimandiwawa n'chakuti kholo limaweruza ntchito imene silinafunsepo n'komwe mmene imagwiridwira.

Bambo, miyala imeneyi inapangidwa kuchokera ku mchenga, matope ndi nsangalabwi zimene madzi, mphepo kapena madzi oundana zinaunjika kalekale, ndipo kuyambira mu 1669, pamene wasayansi wa ku Denmark, Nicolas Steno, analemba kuti miyala yapansi ndi yakale kuposa yapamwamba pake, akatswiri akhala akuiwerenga ngati mbiri. Timizere topendekeka m'mwala wamchenga timasonyeza kumene mtsinje unkalowera, pamene ming'alu ya m'matope ouma imasonyeza kuti malowo ankaphwa. Miyala ya Dwyka, ya m'gulu la Karoo, imasonyeza kuti kum'mwera kwa Africa kunali madzi oundana zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, ndipo pamwamba pake pali miyala ya Ecca, imene muli malasha. Madzi apansi panthaka, mafuta ndi gasi zimapezeka kwambiri m'miyala yotereyi, choncho wodziwa kumene mchenga wakale unayalidwa ndi amene amalangiza pobowola. Mwana wanu akufuna kuphunzira zimenezo, ndiye mulekeni.

Tsopano kwa inu, mwana wanga. M'kalata yanu mwatchula mafupa a madayinaso katatu, koma simunatchule kemisitiri ngakhale kamodzi, ndipo zimenezi zandidetsa nkhawa. Ambiri a ntchitoyi amafika popuma asanafukule fupa ndi limodzi lomwe. Ntchito yeniyeni ndi kuyeza kuchindikala kwa miyala padzuwa, kulemba kukula kwa mchenga mita ndi mita, kenako kukhala miyezi pa maikulosikopu. Pofufuza kumene mchenga unachokera mudzasankha timiyala ta zircon, timene sititha msanga ngakhale titakokoloka mtunda wautali. Yureniyamu wa mkati mwake amasanduka mtovu pang'onopang'ono, ndipo poyeza zinthu ziwirizi mumadziwa zaka za kamwalako, n'kuziyerekeza ndi zaka za mapiri amene mukuganiza kuti ndi kumene mchengawo unachokera. Ndi njira imeneyi imene inasonyeza kuti zircon wa ku Jack Hills, ku Australia, ali ndi zaka pafupifupi 4.4 biliyoni. Popanda masamu ndi kemisitiri, manambala amenewa adzakusokonezani.

Musayembekezerenso kuti digiri yoyamba ikupatsani ntchito ya kafukufuku, chifukwa pamafunika digiri yachiwiri ya masitazi, ndipo makina oyezera zircon amapezeka m'malabotale ochepa. Ngati mtima uli pomwepo, pitani kwa mphunzitsi wanu sabata ino mukapemphe pulojekiti yomaliza yokhala ndi ntchito yakutchire, ndipo mapu ndi zolemba zanuzo mudzazionetse kwa bambo anu musanazitumize kofunsira malo a masitazi.